Ndinabisa Mbiri Yanga, Chubu Chinaphulika

Pa mafunso onse amene dokotala wa ku Joni anandifunsa tsiku loyamba, awiri ndinayankha bodza. Anafunsa ngati ndinakhalapo ndi pakati m'mbuyomu, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinadwalapo matenda a m'chiuno, aja otentha thupi ndi kutulutsa chikazi chonunkha, ndinatinso ayi. Amuna anga anali pa mpando wa pambali panga, atagwira envelopu ya mapepala athu ndi manja onse awiri. Ine mumtima ndinati banja limene ndalisunga movutikira zaka zonsezi silingathere mu ofesi ya mlendo chifukwa cha nkhani ya ndili Fomu 4. Dokotala analemba ayi wangayo, n'kupita ku funso lina.

Zoona zake n'zakuti ndinatenga mimba ndili pafupi kulemba mayeso. Mayi wina wa kuseri kwa msika, amene atsikana tonse tinkadziwa khomo lake, ndiye anandichotsa. Zimene anagwiritsa ntchito sindizitchula. Patapita masiku ndinayamba kunjenjemera, m'mimba mukuwotcha, mafinya akutuluka. Azakhali amene ndinkakhala nawo ndinawauza kuti ndi malungo, ndipo anandigulira mankhwala a malungo. Pamene ndinkafika ku chipatala n'kulandira mankhwala oyenera, matenda anali atakwera kale. Ndinachira, ndinalemba mayeso, ndinakhoza, ndipo ndinaganiza kuti nkhaniyo yatha. Kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno. Tilipo ambiri ndithu, koma aliyense amayenda nazo yekha.

Za zaka zosowa mphatso sindichulutsa mawu, chifukwa amene akuwerenga izi ali m'madzi omwewo akuzidziwa kale. Apongozi amene amakupatsa moni akuyang'ana pamimba. Alamu amene amati "tikudikiratu" akuseka, iwe n'kusekanso. Zitsamba za asing'anga, mafuta a aneneri, kusala kudya kuphiri. Mapiritsi okhwimitsa mazira a clomiphene ndinamwa miyezi yambiri pa kiliniki ina yolipira, popanda wina wondiyeza kaye ngati njira zake zili zotsegula. Amuna anga atavomera kuyezedwa umuna, movuta ndithu, zotsatira zinatuluka zabwino. Diso lonse linatembenukira kwa ine.

Kenako ndinajambulidwa X-ray ija ya HSG, imene amathira mankhwala m'chiberekero n'kuona ngati akudutsa m'machubu. Chubu cha kumanja chinali chotsekeka kumapeto, chotupa, chodzadza madzi. Cha kumanzere, pepala linati mankhwala adutsa, ngakhale mochedwa. Ine ndinangomva mawu oti adutsa. Mochedwa uja ndinamusiya pa pepala pomwepo. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti munthu mmodzi pa 6 aliwonse amavutikapo ndi kusabereka pa moyo wake. Ndipo kafukufuku wake wakale wa 1985 anasonyeza kuti kuno ku Africa amayi oposa 85 pa 100 aliwonse amene anakayezetsa vutoli, gwero lake linali matenda amene analowa m'njira zoberekera. Ndiye kuti ambiri a ife amene timakafuna thandizo la IVF timapita ndi machubu ovulala kale. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Tinagulitsa puloti, ndinakongola ku banki mkhonde, amuna anga anakongola kuntchito. Tinakwera basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, n'kukafikira kwa achimwene awo amene amagwira ntchito ya m'galimoto ku Joniko. Ndalama zimene tinasintha kukhala malandi zinkakwanira kuyesa kamodzi, ndipo aliyense wa ife ankadziwa zimenezo ngakhale sitinkazitchula.

IVF ndinkaimvetsa chonchi: amakubaya majekeseni kuti mazira ambiri akhwime, amawatulutsa ndi singano, amawaphatikiza ndi umuna mu labu, ndipo mluza ukayamba kukula amauika m'chiberekero ndi kapaipi kakang'ono. Machubu alibe nawo ntchito. M'maganizo mwanga, machubu anga oipawo tinali titawalambalala, ndipo ndinkalipira malandi onsewo kuti ndisadzamvenso za iwo.

Dokotala uja, kunena chilungamo, sanandibisire kanthu. Anandilangiza kuti chubu chotupacho chichotsedwe kaye ndi opaleshoni ya timabowo ting'onoting'ono, chifukwa madzi ake amatsikira m'chiberekero n'kulepheretsa mluza kugwira, mpaka kuchepetsa mwayi ndi theka. Anati pochita opaleshoniyo akaonanso ndi maso mmene chinacho chilili. Ndinakana. Mtengo unali chifukwa chimodzi, koma chachikulu chinali china. Ndinkaona ngati kuchotsa chubu n'kuvomereza pamaso pa Mulungu kuti sindidzaimanso mwachilengedwe. Ndinaimbira amayi anga kumudzi ndipo anati, "Mwanawe, wapita kukafuna mwana kapena kukadulitsa ziwalo?" Mawu amenewo anandikwanira.

Mazira atatuluka ochuluka, anandilangizanso kuti miluza yonse iumitsidwe mu firiji yawo, ndipite kunyumba, thupi lipume ku mahomoni, ndidzabwere patapita miyezi ingapo kudzaikidwa. Ndinakananso. Tchuthi chakuntchito chinali kutha, ndipo ndalama za ulendo wina zikanachokera kuti? Chomaliza, anati aike mluza umodzi. Apa ndiye ndinachita kukwiya. Ndinati, "Adokotala, ine ndachokera kutali. Ikani iwiri. Mapasa kwathu ndi madalitso." Amuna anga anagwedeza mutu kuvomereza. Dokotala anafotokoza zoopsa zake, anatchulanso mimba yokhala kunja kwa chiberekero, anandipatsa pepala ndinasaina. Ndinamva mawu onsewo, koma ndinawatenga ngati zija amawerenga mothamanga pa wailesi kumapeto kwa malonda a mankhwala.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti imodzi mwa mimba zoyambirira kupangidwa mwa njira imeneyi zimene madokotala analengeza inali ya m'chubu. Patrick Steptoe ndi Robert Edwards, a ku Britain aja amene anabweretsa Louise Brown pa 25 Julayi 1978 ku Oldham, anali atalemba kale mu 1976 za mayi amene anamuika mluza m'chiberekero koma unakagwira m'chubu. Vutoli linayamba limodzi ndi IVF yomweyo, ndipo silinachoke. Pa mimba zobwera mwachilengedwe, imodzi kapena ziwiri pa 100 zimakhala kunja kwa chiberekero. Pa za IVF mabuku ambiri amapereka pakati pa 2 ndi 5 pa 100, ndipo amene ali kumtunda kwa chiwerengerocho ndi ife a machubu ovulala.

Zimatheka bwanji? Mluza akauika sugwira nthawi yomweyo. Umayandama m'timadzi ta m'chiberekero tsiku limodzi kapena angapo, ndipo chiberekero sichikhala phee, chimafinyika pang'onopang'ono, nthawi zina kukankhira zinthu chakumtunda kumene kuli makomo a machubu. Zili ngati nkhuku imene mwaikonzera chisa chabwino m'khola, iyo n'kukaikira mazira kutchire. Mluza ukalowa m'chubu cha bwinobwino si vuto kwenikweni, chifukwa m'katimo muli timaubweya tosaoneka ndi maso timene timaupalasa kuubwezera m'chiberekero. Koma m'chubu chimene munadutsa mafinya, timaubweya timeneti tinathothoka, ndipo muli zipsera ndi timatumba. Mluza umalowa, osatulukanso. N'chifukwa chake chubu chotsegula koma chovulala n'choopsa kwambiri. Pepala la X-ray limangonena kuti madzi adutsa, silinena za timaubweya. Mahomoni ochuluka a majekeseni aja nawonso amasokoneza kayendedwe ka chubu ndi chiberekero, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene kafukufuku wambiri wapezera mimba za m'chubu zocheperapo pamene mluza woumitsidwa waikidwa mwezi wina thupi litapuma. Za miluza iwiri sizifunika sukulu: uliwonse uli ndi mwayi wake wosochera.

Ndinabwerera kuno kwathu ndi kalata ya dokotala yonena kuti ndiyezedwe magazi ndiponso ndijambulidwe sikani mimba ikafika masabata 6 kapena 7. Magazi anasonyeza kuti ndaima. Homoni ya mimba ija ya hCG inali yokwera, ndipo nditabwereza patapita masiku awiri inali itakweranso bwino. Nthawi zambiri mimba ya m'chubu imadziulula pamenepa, chifukwa homoniyi m'malo mowirikiza pafupifupi kawiri pa maola 48 imakwera mwaulesi. Yanga sinachite ulesi. Sikani inaonetsa kathumba m'chiberekero, m'kati mwake kadontho kakugunda. Amuna anga, munthu wosalira pamaliro, analira pamaso pa mnyamata woyeza sikaniyo. Kalata ya ku Joni inali m'chikwama changa. Sindinaitulutse. Sindinkafuna kuti tauni yonse idziwe kuti mwana wanga ndi wa mu labu, pakuti woyeza uja ankapemphera mpingo umodzi ndi alamu anga. Iye anaona mimba pamalo pake, anasindikiza chithunzi, n'kuitana wotsatira. Sindimuimba mlandu waukulu. Kwa mayi woima mwachilengedwe, mimba ikaoneka m'chiberekero nkhani ya m'chubu imakhala ngati yatha, chifukwa kukhala ndi ziwiri nthawi imodzi, ina m'kati ina kunja, mabuku akale ankati kumachitika kamodzi pa mimba 30,000. Kwa woikidwa miluza ingapo chiwerengerocho chikhoza kufika pa imodzi pa 100. Iye sankadziwa kuti ine ndili m'gulu lachiwirili.

Kupweteka kunayamba chakumanzere, m'munsi, kobaya n'kusiya. Ndinauza amayi pa foni, anati mimba yoyamba imatero, chiberekero chikutambasuka. Kenako timagazi toderako, tamadzimadzi, tosafanana ndi ta kumwezi. Ndinapita ku kiliniki ya pafupi, anayang'ana chithunzi cha sikani chija, anati ndipume, ndisanyamule zolemera, ndimwe panado. Kumenekonso za IVF sindinatchule. Tsiku lina ndinayamba kumva ngati ndikufuna kupita kuchimbudzi pafupipafupi, kukafika osachita kanthu koma ululu. Ndinati ndi nyemba za dzulo. Madzulo ake phewa linayamba kuwawa, kunsonga kwenikweni, makamaka ndikagona chagada. Ndani angaganize kuti phewa likukhudzana ndi mimba? Pambuyo pake ndi pamene ndinauzidwa kuti magazi akatayikira m'mimba amakwera mpaka pa mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo, ndipo mtsempha wa pamenepo umatumiza ululu kuphewa. Pamene phewa likuwawa, ndiye kuti magazi ayamba kale kutayika m'kati.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ine ndinamva, koma chitseko ndinachisiya chotseka mpaka pakati pa usiku, poopa kuvutitsa anthu ndiponso poopa kuti kuchipatala akandifunsa zambiri. Nditadzuka kuti ndipite kubafa, chizungulire chinandigwira, maso anachita mdima. Zotsatira ndinachita kuuzidwa. Amuna anga anandipeza pansi, thupi lozizira, thukuta lili kamukamu, milomo yoyera. Aneba anatulutsa galimoto. Ku chipatala chachikulu, namwino atalephera kupeza BP yomveka anafunsa ngati ndili woyembekezera, ndipo amuna anga, osadziwa kuti ine ndakhala ndikubisa, anangoti, "Eya, ya IVF, anaika iwiri." Dokotala wachitsikana amene anali pa ntchito usiku umenewo atamva mawu oti iwiri sanadikire china. Anaika makina pamimba, anaona magazi ali thothotho, anaitanitsa fiyeta.

Chubu cha kumanzere, chija chabwino chija, ndicho chinaphulika. Anachichotsa. Anandiika magazi a anthu amene sindidzawadziwa, ena ochokera ku Malawi Blood Transfusion Service, ena a mlongo wanga amene anadzutsidwa usiku. Kuyambira nthawi imeneyo ndikaona ana a sukulu ali pamzere wopereka magazi ndimaima kaye n'kuwayang'ana.

M'mawa wa tsiku lachiwiri dokotala uja anabwera pa bedi langa nthawi imene alendo anali atatulutsidwa. Anakoka katani, anakhala pansi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mayi, m'mimba mwanu ndalowamo, ndaona. Machubu onse awiri anamatirira ku matumbo ndi zipsera. Izi si za chaka chino. Tandiuzeni, chinachitika n'chiyani?" Anali wamng'ono kwa ine, mwina msinkhu wa mng'ono wanga wachitatu. Ndinamuuza zonse, koyamba kuuza munthu. Sanadabwe ndipo sanandilalikire. Anangofunsa kumene ndinakulira. Nditati kunyanja, ku Nkhotakota, anafunsa ngati ndili mwana ndinkakodza magazi. Ndinaseka ngakhale chilonda chinkakoka, pakuti kwathu mwana wosakodza magazi ndiye anali wachilendo. Anandifotokozera kuti likodzo silikhala m'chikhodzodzo mokha. Mazira a tizilombo take amakakhazikikanso pa khomo la chiberekero ndi m'machubu, n'kusiya zipsera zofanana ndi za matenda opatsirana pogonana. Akatswiri amayerekezera kuti amayi ndi atsikana pafupifupi 56 miliyoni kum'mwera kwa Sahara ali ndi likodzo la njira zoberekera. Dokotala wa ku Joni za nyanja sanandifunse, ndipo inenso sizinandibwerere m'mutu kuti kusambira ndili ndi zaka 9 kungakhale nkhani ya ku chipatala cha ubereki.

Mu wodi imeneyo ndinaphunzira zambiri kuposa zimene ndinawerenga pa foni zaka zonse. Mayi wa bedi loyandikana nane inali mimba yake yachiwiri ya m'chubu. Anamwino anati amene zinamuchitikirapo kamodzi, mwayi woti zibwerezenso ndi pafupifupi 10 pa 100, ndipo mayi wotero akangoima ayenera kujambulidwa msanga osadikira tsiku la sikelo. Wina anali atatseketsa ataona kuti ana akwana, kenako anakwatiwanso, n'kukatsegulitsa machubu kunja kwa dziko. Mluza unakakodwa pa msoko pomwepo. Dokotala wachitsikana uja pozungulira ndi ophunzira ake ankawafunsa mndandanda ngati katekisimu, ine ndikumvetsera: chinzonono ndi chlamydia, chifuwa chachikulu chimene chimatha kulowa m'machubu, opaleshoni iliyonse ya m'chiuno ngakhale ya appendix yophulika, endometriosis ija yopweteketsa msambo koopsa, zaka zopitirira 35, fodya. Za fodya ndinadabwa, koma utsi wake umafooketsa timaubweya tija. Anatchulanso chipsera cha opaleshoni yobereka, kuti mluza ukhoza kukagwira pa chipseracho m'malo mwa khoma labwino. Pa chlamydia anatsindika kwambiri, chifukwa amayi ambiri, pafupifupi 7 pa 10, samva chizindikiro chilichonse pamene machubu akuwonongeka. Ndinawerenga pa zala zanga pansi pa bulangete. Machubu ovulala, chubu chamadzi chimene ndinakana kuchotsa, zaka zopitirira 35, miluza iwiri, kuikidwa mwezi womwewo wa majekeseni. Dzanja linadzadza.

Ndinamvanso kuti si mimba ya m'chubu iliyonse imene imathera ku fiyeta. Ikapezeka msanga, isanaphulike, ili yaing'ono, mtima usanayambe kugunda ndipo hCG ili yotsika, pali jekeseni ya methotrexate imene imaiumitsa thupi n'kuisungunula lokha, chubu n'kupulumuka. Mayi amayezedwa magazi mobwerezabwereza mpaka homoni itatha, ndipo amadikira miyezi 3 asanayesenso kuima. Kwa ine jekeseniyo sikanatheka chifukwa ikanapha ndi wa m'chiberekero yemwe. Koma sikani ija ikanayang'ana m'mbali, akanachotsa chubucho mwadongosolo, masana, ndili ndi magazi anga onse. Chimene sichitheka, ndipo ndinafunsa ndikulira, n'kusamutsa mluza kuuchotsa m'chubu kukauika m'chiberekero. Palibe dokotala padziko pano amene amachita zimenezo. Ndikunena izi chifukwa mayi wina wa ku mpingo anabwera kudzandiona n'kunena kuti ndikanakhala ndi chikhulupiriro sindikanalola kuti achotse mwana. Mimba ya m'chubu sikula kufika pobadwa. Ikasiyidwa kuti ikule, chimene chingatsatire ndi maliro a mayi.

Wa m'chiberekero uja anapirira opaleshoni. Tinamuonanso pa sikani akugunda, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti Mulungu watenga mmodzi n'kundisiyira mmodzi, pakuti amayi ambiri otere amabereka ndithu. Patapita masabata ochepa ndinapita padera. Pa zimenezi ndilibe mawu ambiri.

Amuna anga ndinawauza tili awiri m'nyumba, chilonda chitauma. Ndinali nditakonzeka kuti aitanitsa ankhoswe. Ndinayamba ndi kuti, "Abambo, pali zimene ndinakubisirani tisanakwatirane," ndipo ndinafotokoza mpaka kumapeto osawayang'ana. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Amayi, nanenso dokotala wa ku Joni uja ndinamunamiza." Ali ku koleji anadwala chinzonono, anagula makapisozi pa golosale, anamwa masiku awiri, ululu utasiya analeka. Chaka choyamba cha banja lathu zinabweranso, ndipo anakalandira mankhwala mobisa kutauni ina osanditenga ine. Tsiku lija ku Joni, pamene ine ndinkaopa iwo, iwonso ankaopa ine. Tinakangana usiku umenewo, ndisaname, ndipo panapita nthawi tisanayambe kudyera mbale imodzi ndi mtima umodzi. Koma funso loti analakwa ndani linasowa poima. Kaya ndi mayi wa kuseri kwa msika, kaya ndi makapisozi a pa golosale, kaya ndi madzi a ku Nkhotakota, chipsera cha m'chubu sichilemba dzina la amene anachiyambitsa.

Apa ndili ndi pempho kwa madokotala ndi anamwino. Mafunso a mbiri ya munthu muzifunsa aliyense payekha. Ingonenani kuti ndi lamulo la chipatala kuti bambo adikire panja mphindi zochepa, kenako mayi adikire panja. Mkazi wa kuno sangavomere kuti anachotsapo mimba mwamuna amene akulipira bilu ali pomwepo, ndipo mwamuna sangatchule chinzonono mkazi wake akumva. Nditalembera dokotala wa ku Joni kumuuza zonse, anayankha mwaulemu kuti akanadziwa za matenda aja sakanakhulupirira pepala la X-ray, pakuti kawirikawiri matenda otere sawononga chubu chimodzi n'kusiya chinzake. Akanaumirira kuona machubu onse awiri ndi kamera asanayambe, ndipo miluza iwiri sakanavomera. Sananene kuti zikanapewedwa ndithu, pakuti mimba ya m'chubu imagweranso amayi opanda chifukwa chilichonse chodziwika. Koma akanasewera ndi makadi oona.

Chubu chamadzi chija ndinakachotsetsa pambuyo pake, ndekha, popanda kufunsa kumudzi. Ndinamwanso praziquantel wa likodzo, ndipo tonse awiri tinalandira mankhwala a matenda opatsirana. Tsopano ndilibe chubu ngakhale chimodzi. Ndinaganiza kuti basi, za mimba yosochera ndathana nazo, koma anandichenjeza kuti kachidutswa ka chubu kamene kamadutsa m'khoma la chiberekero sikachotsedwa, ndipo mwa apo ndi apo mluza umakagwira pakona pamenepo. Imeneyo imachedwa kuphulika, koma ikaphulika magazi ake ndi ochuluka kuposa ya m'chubu. Choncho ngakhale ine, ndikadzaikidwanso, sikani ya msanga sindidzaithawa.

Miluza yathu yotsala ikadali mu firiji ku Joni, ndipo chaka chilichonse timalipira malo ake. Tinkasonkha ndalama zobwererako pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zimene tinasunga zinasanduka theka la ulendo. Ngongole ya banki mkhonde ndinamaliza. Apongozi akudziwa kuti ndinachitidwa opaleshoni, zina sakudziwa, ndipo mwana wawo ndiye amawayankha masiku ano akayamba zija za kudikira. Tikadzapita, adzaika umodzi, woumitsidwa, ndipo sindidzakwera basi yobwerera ndisanaone ndi maso anga pamene wakhala.

Inu amene mukusonkha ndalama za ku Joni, ku India kapena kwina kulikonse, ngakhale inu amene mukungomwa mapiritsi okhwimitsa mazira konkuno, muuzeni dokotala zonse, za nyanja zomwe. Ngati simungathe pamaso pa amuna anu, pemphani kulowa nokha kapena lembani pa kapepala. Funsani kuti machubu anu ali bwanji ndipo achita nawo chiyani musanaikidwe mluza. Mukabwerako, kalata ija muionetse kwa aliyense wokuyezani, ndipo pa sikani yoyamba nenani mosachita manyazi kuti anaika ingati, kuti ayang'ane m'machubu ndi m'mbali monse ngakhale ataona kale mwana m'chiberekero. Ndipo m'miyezi itatu yoyambayo, mukamva kubaya mbali imodzi ya m'mimba, mukaona timagazi toderako, phewa likayamba kuwawa kapena chizungulire chikakugwirani, musamwe panado n'kudikira kuche. Pitani usiku womwewo ku chipatala chimene chili ndi fiyeta ndi magazi, ndipo mukafika pakhomo nenani kuti, "Ndili ndi pakati pa IVF, ndikuopa kuti ili m'chubu."